Kodi magazi a munthu wochira korona angapulumutse wodwala kwambiri?

Anthu odikirira odwala kuno ku Kasungu amatifunsa ife ogwira ntchito zachipatala kuti: ngati achimwene anadwala korona n'kuchira, bwanji osatenga magazi awo n'kuwaika bambo amene akubanikawa? Funsoli ndi lanzeru, moti ngakhale akatswiri a kunja anaganiza chimodzimodzi mu 2020.

Magazi akawazunguza pamakina, maselo ofiira amadikha pansi, pamwamba n'kutsala madzi achikasu otchedwa pulazima, omwe ndi pafupifupi 55 peresenti ya magazi athu. M'madzimu ndi mmene mumakhala ma antibody, zida zimene thupi limapanga likalimbana ndi kachilombo. Kubwereka chitetezo chotere kunayamba kalekale. Mu 1890 Emil von Behring ndi Kitasato Shibasaburo anasonyeza kuti madzi a m'magazi a nyama imene ili ndi chitetezo amateteza inzake ku kafumbata, ndipo pa mliri wa chimfine wa 1918 madokotala anayesa njirayi pa anthu. Choncho pamene bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, linaloleza pulazima wa ochira korona pa 23 Ogasiti 2020, ambiri tinali ndi chiyembekezo.

Chiyembekezocho sichinapite patali. Ku Britain, kafukufuku wa RECOVERY anatsata odwala 11,558 ogonekedwa m'chipatala, ena anapatsidwa pulazima, ena ayi. Patatha masiku 28, mbali zonse ziwiri anamwalira anali 24 pa 100 alionse. Kusiyana kunalibe.

Nkhani yagona pa nthawi. Masiku oyambirira kachilombo kamakhala kakuswana, ndipo ma antibody atha kukagwira kasanalowe m'maselo ambiri. Koma munthu akafika pobanika, nthawi zambiri mlungu utadutsa, chimene chikuwononga mapapo si kachilombo kokha ayi. Ndi chitetezo cha thupi lake lomwe chimene chalusa mopitirira, mapapo n'kutupa, timatumba ta mpweya n'kudzaza madzi. Komanso pofika apa odwala ambiri amakhala atapanga kale ma antibody awoawo. Zili ngati chigafa cha fodya chimene chayaka kale: kulanda machesi kwa amene wayatsa sikuzimitsa motowo. N'chifukwa chake ku Argentina, pamene okalamba 160 anawafufuza pasanathe masiku atatu chiyambire kudwala, omwe anadwala kwambiri atalandira pulazima wa ma antibody ambiri anali pafupifupi theka poyerekeza ndi anzawo amene sanalandire. Koma kodi ndi angati mwa ife, ochokera ku Chamama kapena ku Santhe, amene timafika kuchipatala tsiku lachiwiri la chifuwa? Ambiri timayamba tamwa panado ndi kufukiza bulugamu.

Mu Disembala 2021 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti pulazima asaperekedwe kwa odwala pang'ono, ndipo kwa odwala kwambiri aperekedwe pokhapokha pa kafukufuku.

Pulazima alinso ndi zoopsa zake. Ayenera kugwirizana ndi gulu la magazi a wolandira, ayezedwe HIV, matenda a chiwindi a hepatitis B ndi C komanso chindoko, ndipo asungidwe ataumitsidwa mufiriji magetsi osazima. Ena akalandira amatuluka zidzolo n'kutentha thupi, ena madzi amachulukira mtima ndi mapapo, zimene ndi zoopsa kwa munthu wobanika kale. Ine ndikaona mmene magazi amasowera kwa amayi otaya magazi pobereka ndi ana amene malungo awathera magazi, ndimati wochira korona amene ali ndi mtima wothandiza akapereke magazi kudzera ku bungwe lotolera magazi la Malawi Blood Transfusion Service. Kumeneko thandizo lake ndi lotsimikizika.

Nanga wobanikayo chimamuthandiza n'chiyani? Choyamba ndi mpweya wa okosijeni, ndipo ambiri amapuma bwinoko akamagona chafufumimba. Chachiwiri ndi dexamethasone, mankhwala otsika mtengo ochepetsa kutupa. Kafukufuku yemwe uja wa RECOVERY anapeza mu Juni 2020 kuti amachepetsa imfa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu kwa opumira makina, ndi limodzi mwa asanu kwa amene ali pa okosijeni. Koma chonde musakagule nokha kufamase. Kwa munthu amene sakufunika okosijeni mankhwalawa sathandiza, amafooketsa chitetezo komanso kukweza shuga, choncho amene ali ndi matenda a shuga amafunika kuyezedwa pafupipafupi akamawalandira.