Safari Rally yakale, mpikisano umene liwiro lokha silinkapambanitsa

Anthu akamva za mpikisano wa magalimoto amangoti yemwe ali ndi injini yamphamvu ndiye apambana basi. Ife amakaniko timaziona mwina, ndipo mboni yathu yaikulu ndi Safari Rally ya m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970.

Mpikisanowu unayamba mu 1953 pokondwerera kulongedwa ufumu kwa Mfumukazi Elizabeth II, ndipo unkadutsa mu Kenya, Uganda ndi Tanganyika (mbali yaikulu ya Tanzania ya lero). Kuyambira 1974 unatsalira mu Kenya mokha. Mtunda unali pafupifupi makilomita 5,000, usana ndi usiku, m'misewu yafumbi yomwe sankaitseka n'komwe: mabasi, malole, njinga ndi ng'ombe zinali momwemo. Kuwonjezera apo ankauchita nyengo ya Isitala, pomwe mvula yaikulu imakhala itayamba kumeneko. Dalaivala ankapatsidwa nthawi yoti afike pamalo akutiakuti, ndipo mphindi iliyonse yochedwa inkalembedwa ngati chilango. Wopambana anali amene wachedwa pang'ono kuposa anzake, chifukwa kuchedwa kokha aliyense ankachedwa.

Chimene chinkagwetsa magalimoto ambiri sichinali ngozi, koma mabampu ang'onoang'ono ondondozana aja. Mu shock absorber mumakhala oyilo amene amakanikizidwa kudutsa m'timabowo kuti galimoto isamangonjanja. Tayala likamakwera ndi kutsika mosalekeza kwa maola ambiri, oyiloyo amatentha, kupyapyala, kenako kuchita thovu, ndipo shock absorber imasiya kugwira ntchito ngakhale kunja ikuoneka yabwinobwino. Zikatero nkhonya zonse za msewu zimapita ku masipuling'i ndi ku thupi la galimoto, mabawuti amayamba kumasuka, zitsulo n'kung'aluka. Dalaivala wanzeru ankamva zimenezi m'chiwongolero ndi pampando, n'kubweza phazi zinthu zisanathyoke. Wamtima wapachala ankatsogola tsiku loyamba, lachiwiri n'kumuona wakhala pambali pa msewu.

Fumbi nalo silinkachitira chifundo injini. Likadutsa pa fyuluta ya mpweya limapala masilinda ngati mchenga wotsukira mphika, injini n'kuyamba kudya oyilo. Kukagwa mvula vuto linkasanduka madzi: injini ikameza madzi powoloka mtsinje, pisitoni imalephera kuwapanikiza monga imachitira ndi mpweya, ndiye ndodo yake imapindika, ulendo wathera pomwepo. Nanga matope! Mbali zina za Kenya zili ndi dothi lakuda lofanana ndi makande a ku Chigwa cha Shire, ndipo aliyense amene anatitimirapo m'makande akudziwa. Magalimoto ambiri ankaikidwa zogwirira ndi popondera kumbuyo kuti wowerenga njira atsike, akwere pabampala n'kumadumphadumpha kuti matayala akumbuyo agwire pansi. Zikakanika, anthu a m'midzi ankabwera kudzakankha, n'kulandira kangachepe.

Mu 1963, pa magalimoto 84 amene ananyamuka, 7 okha ndi amene anamaliza. Wopambana anali Nick Nowicki pa Peugeot 404, galimoto yabanja wamba yomwe akuluakulu ambiri ku Malawi ndi ku Zambia akuikumbukira. 404 inapambananso mu 1966 ndi 1967 ndi Bert Shankland wa ku Tanzania, ndi mu 1968 ndi Nowicki yemweyo. Sinali yothamanga kwambiri ayi. Masipuling'i ake ankalola tayala kuyenda mtunda wautali mmwamba ndi pansi, thupi lake linali lolimba, ndipo chikawonongeka china munthu ankakonza ndi masipanala ochepa.

Nkhani imene ine imandikoma kwambiri ndi ya Joginder Singh wa ku Kenya. Mu 1965 iye ndi mbale wake Jaswant anapambana pa Volvo PV544 yakale, yomwe inali itathamangapo kale mpikisano womwewu chaka chapitacho, iwo n'kuikonzanso okha. Joginder anadzapambananso mu 1974 ndi 1976 pa Mitsubishi Lancer. Mpaka 1971 palibe dalaivala wokhala kunja kwa chigawo cha kum'mawa kwa Africa amene anapambanapo, ngakhale makampani a ku Ulaya ankatumiza akatswiri awo. Anadzatsegula njira ndi Hannu Mikkola wa ku Finland mu 1972 pa Ford Escort. Komabe Shekhar Mehta, wobadwira ku Uganda, anatenga chikho kasanu pa Datsun: mu 1973, kenako zaka zinayi zotsatizana kuyambira 1979 mpaka 1982. Mbiri yoti Datsun siifa msanga inakula ndi zipambano zoterezi, ndipo kampaniyo inkazilengeza potsatsa malonda.

Ngakhale m'zaka za m'ma 1980, pomwe Audi Quattro ndi Peugeot 205 T16 zokoka ndi matayala onse anayi zinkasesa mipikisano ya ku Ulaya, ku Kenya zinagonja kwa Toyota Celica yokoka ndi akumbuyo okha, yomwe inapambana mu 1984, 1985 ndi 1986. Kukoka ndi matayala anayi kumafuna ma diff (magiya ogawira matayala mphamvu ya injini) ndi mashafuti owonjezera, ndipo chilichonse chowonjezera ndi chinthu chinanso choti chithyoke. Audi inadzapambana mu 1987, Mikkola yemwe uja akuyendetsa Audi 200 Quattro, galimoto yaikulu ndi yolemera.

Safari inachotsedwa pa ndandanda wa mipikisano ya dziko lonse 2002 itatha, n'kubwereranso mu 2021 cha ku Naivasha. Lero misewu imatsekedwa, mtunda wopikisana ndi makilomita mazana ochepa chabe, ndipo amawerenga masekondi. Kutseka misewu ndikugwirizana nako, chifukwa kale anthu oyenda pansi ndi ziweto ankakhala pachiswe. Koma pamtunda waufupi chotero dalaivala amaponda mafuta pafupifupi njira yonse, ndipo galimoto wamba yonga 404 singayerekeze n'komwe kulowamo.