Samuel Coleridge-Taylor: nyimbo inalemeretsa ena, mwini wake n'kuiwalika

Nkhani yoti ana a ku Britain aziphunzitsidwa za anthu akuda amene ankapeka nyimbo za classical ikabuka, ena amayesa kuti akungofukula mayina a anthu omwe sankadziwika n'komwe, pofuna kukondweretsa anthu akuda. Mbiri ya Samuel Coleridge-Taylor ikukana zimenezo. Munthuyu ankadziwika mpaka kutsidya kwa nyanja, ndipo kuiwalika kwake kunadza pambuyo.

Anabadwira ku London mu 1875. Bambo ake, Daniel Taylor, anali dokotala wa ku Sierra Leone ndipo anabwerera ku Africa mwanayo asanabadwe. Analeredwa ndi amayi ake, mzungu wa ku England, m'tawuni ya Croydon. Ali ndi zaka 15 analowa sukulu ya Royal College of Music ndi vayolini yake, kenako n'kuyamba kuphunzira kupeka nyimbo kwa Charles Villiers Stanford. Edward Elgar, wopeka nyimbo wotchuka wa ku England, atapemphedwa nyimbo ya chikondwerero cha Three Choirs mu 1898, anauza okonza mwambowo kuti apatse mnyamatayu ntchitoyo.

Chaka chomwecho, ali ndi zaka 23, anatulutsa Hiawatha's Wedding Feast, nyimbo yoimba kwaya pamodzi ndi orchestra, gulu lalikulu la oimba ndi zida zosiyanasiyana. Makwaya a ku England anaikonda kwadzaoneni. Koma mnyamatayo anali atagulitsa kale umwini wake kwa kampani yosindikiza ya Novello pa ma guinea 15 basi, omwe ndi mapaundi 15 ndi mashilingi 15. Kampaniyo inagulitsa mabuku a nyimboyo ankhaninkhani, mwini wake osalandirapo gawo lililonse. Oimba a kwathu kuno amene nyimbo zawo zimalira m'minibasi iliyonse koma m'thumba muli gwaa aimvetsa bwino nkhaniyi.

Tsono Coleridge-Taylor ankangokhalira kuphunzitsa, kutsogolera makwaya ndi kuweruza mipikisano kuti banja lidye. Anapita ku America mu 1904, 1906 ndi 1910, ndipo paulendo woyamba Pulezidenti Theodore Roosevelt anamulandira ku White House, m'nthawi imene tsankho linali pachimake. Chikuda chake sankachibisa. Mu 1900 anali nawo pamsonkhano wa Pan-African ku London, ndipo mu 1905 anasindikiza nyimbo 24 za piyano zochokera ku nyimbo za anthu akuda a ku America, ku West Indies ndi ku Africa, zina mwa izo za Aronga a kumwera kwa Mozambique.

Mu 1912 anagwa pasiteshoni ya sitima ya West Croydon, ndipo patapita masiku ochepa anamwalira ndi chibayo ali ndi zaka 37. Umphawi umene anasiyira banja lake unachititsa manyazi ambiri, moti Mfumu George V inapatsa mkazi wake wamasiye, Jessie, penshoni ya mapaundi 100 pachaka. Nkhaniyi inalimbitsa mawu a amene ankafuna kuti opeka azilipidwa nyimbo zawo zikaimbidwa, ndipo bungwe la Performing Right Society linakhazikitsidwa mu 1914.

Kuyambira 1924 mpaka 1939, Hiawatha inkaimbidwa pafupifupi chaka chilichonse ku holo ya Royal Albert Hall ku London, oimba mazanamazana atavala zachisudzo. Nkhondo yachiwiri itatha, inazilala. Ena amati anthu anangotopa ndi nyimbo za mtunduwo, ndipo choonadi chilimo. Koma Elgar, wa m'badwo womwewo, anakhalabe m'mabuku a sukulu. Zimene ana amaphunzira amasankha ndi anthu, ndipo anthuwo kwa zaka zambiri sanamusankhe Coleridge-Taylor.

Ku America zinamugweranso Florence Price, mayi woyamba wakuda amene symphony yake (nyimbo yaitali ya orchestra) inaimbidwa ndi orchestra yaikulu, ku Chicago mu 1933. Mapepala ambiri a nyimbo zake anapezeka mu 2009 m'nyumba yosiyidwa ku St. Anne, m'chigawo cha Illinois.

Mu 2015 Chi-chi Nwanoku, woimba double bass (chida chachikulu chonga vayolini) wa ku London amene bambo ake anali a ku Nigeria, anayambitsa Chineke!, orchestra imene oimba ake ambiri ndi akuda ndi a mitundu ina yochepa ku Ulaya. Pakonsati yawo yoyamba anaimba Ballade in A minor, nyimbo ija Coleridge-Taylor anapeka chifukwa cha mawu a Elgar. Nwanoku anakhazikitsanso orchestra ya achinyamata, kumene ana amaphunzira nyimbo za opeka akuda poziimba okha, vayolini ili pakhosi.