Dzina la ku Ulaya, fakitale ya ku China: amapanga zokuzira mawu ndani?

A komiti ya tchalitchi kapena ya mzikiti kuno ku Mangochi akafuna kugula zokuzira mawu, ngakhalenso makolo amene mwana wawo ali ku Joni akufunsa choti atumize, funso lomwe amabwera nalo kwa ife okonza zidazi ndi limodzi: "Imeneyi ndi yeniyeni kapena ya ku China?" Funsoli limasocheretsa, chifukwa zenizenizo zambiri zimapangidwa ku China komweko.

Tengani Wharfedale, dzina lomwe oyimbitsa pa zikwati amalidziwa bwino. Inayamba mu 1932 ku Yorkshire, ku England, koma lero mwini wake ndi International Audio Group ya ku China, yomwe ilinso ndi Quad, Mission ndi Audiolab. Behringer inayambira ku Germany mu 1989, koma fakitale yake yaikulu ili ku Zhongshan. JBL ndi AKG zili m'manja mwa Harman, yomwe inagulidwa ndi Samsung mu 2017. Apa palibe chinyengo. Akatswiri a kampani ndiwo amajambula pulani, kusankha zipangizo ndi kuika muyeso woti katundu aukwanitse asanalongedwe, ndipo fakitale amaimanga komwe ntchito ndi yotsika mtengo. Zopangidwira kwawo zilipobe, monga McIntosh ya ku Binghamton, New York, koma ndalama ya ampulifaya imodzi mutha kugulira boti ndi injini yake.

Ngakhale kampani yomanga yokha katundu wake, si zonse zamkati zomwe ndi zake. Ma ampulifaya ambiri odula amayendera bolodi ya zamagetsi yogula kwa Hypex ya ku Netherlands kapena ICEpower ya ku Denmark. Zimenezo sindiziona cholakwika, bola mtengo ukhale woyenera.

Kumata dzina pa katundu wa wina ndi nkhani ina, ndipo kumachitika ngakhale kwa akuluakulu. Mu 2010 a Audioholics, tsamba la pa intaneti lounika zida za mawu, anatsegula makina oonetsera ma Blu-ray a Lexicon BD-30, omwe ankagulitsidwa madola 3,500. Mkati anapezamo makina athunthu a Oppo BDP-83, bokosi lake lomwe, atangowalowetsa m'bokosi lina lokongola. A Oppowo m'sitolo anali madola 500. Wogula ankalipira kasanu ndi kawiri chifukwa cha chitsulo chakunja ndi dzina. Chomwe chinakwiyitsa anthu sikunali koti makinawo ndi oipa, ayi, anali abwino ndithu. Chinawawa n'chakuti wogula sanauzidwe.

Kuno kwathu zomwe zimatifika kwambiri ndi za mtundu womwewu koma zapansi. Fakitale imodzi imapanga ma ampulifaya ofanana, wamalonda aliyense n'kuitanitsa ndi dzina lomwe wafuna. Timatsegula ziwiri za mayina osiyana n'kupeza bolodi imodzimodzi, kungosiyana utoto wa kutsogolo. Zina mwa izi zimagwira ntchito bwinobwino kwa zaka, sindikuzinyoza. Zoopsa ndi zakuba dzina, monga maikolofoni olembedwa Shure SM58 omwe Shure sinawagwireko. Amenewa amalira msanga mukangokweza pang'ono, ndipo akagwa kamodzi ndiye kuti basi.

Nanga mungadziwe bwanji? Kale tinkanyamula n'kumva kulemera, koma masiku ano njira imeneyo imanamiza, poti ma ampulifaya amakono otchedwa Class D ndi maginito a m'masipika opangidwa ndi chitsulo cha neodymium ndi opepuka ngakhale ali abwino. Ine ndimayamba ndi kumbuyo, pomwe palembedwa magetsi omwe chidacho chimakoka. Ngati kutsogolo akudzitama ndi 5000W pomwe kumbuyo akuti chimakoka 300W, dziwani kuti sichingapereke mosalekeza mphamvu yoposa yomwe chalandira. Nambala ya PMPO, ya mphamvu yomwe akuti chida chingafike kwa kamphindi kochepa, ndi yokopera anthu chabe. Funani ya RMS, ya mphamvu yomwe chida chimapereka mosalekeza, yolembedwa pamodzi ndi ma ohm a sipika, kaya 4 kapena 8. Onaninso nambala ya mtundu wa chidacho, ndipo mufufuze pa intaneti ngati kampaniyo ili ndi buku lofotokoza katundu ameneyo.

Koma chomwe ndimaumirira kwambiri ndi masipeya. Kutentha kwa Okutobala kuno, fumbi la msewu wa ku Makanjira, chinyezi cha m'mbali mwa nyanja ndi jenereta yosakhazikika zimapha chida chilichonse, kaya dzina lake ndi lalikulu bwanji. Khoyilo ya m'sipika ikapsa kapena kadayafulamu, kachikopa kotulutsa mawu mu honi, kakang'ambika Lachisanu, ukwati uli Loweruka, chomwe chimapulumutsa ndi sipeya yopezeka ku Limbe kapena ku Lilongwe. Choncho musanauze mwana wa ku Joni kuti alipire, muuzeni ajambule chikwangwani chakumbuyo, atumize pa WhatsApp, mumuonetse wokonza wanu kaye.