Siyani kaye rimoti: chithunzi cha pulojekita ya machubu atatu chimayambira pa tepi yoyezera

Dandaulo limene ndimalandira kuchokera kwa eni mapulojekita a CRT, aja a machubu agalasi onga a ma TV akale, silisintha. Zilembo zili ndi mthunzi wofiira mbali iyi, wabuluu mbali inayo. Mwini wake wachezera usiku wonse akudina mabatani a convergence, olinganizira mitundu itatu kuti igwere pamodzi, mizere yakumana bwinobwino, koma mawa lake poyatsa, yapatukananso. Ndiye amafunsa ngati makinawo afa. Sanafe. Vuto n'lakuti ntchito mwaiyambira kumapeto, ndipo ndatopa nako kuona makina abwino akuwonongeka chifukwa cha zimenezi.

Kaya muli ndi Sony G70 kapena G90, Barco 808, Electrohome Marquee kapena NEC XG, mfundo yake ndi imodzi. Zithunzi zitatu, chofiira, chobiriwira ndi chabuluu, zimachoka m'machubu atatu osiyana, chilichonse kudzera pa lenzi yakeyake, ndipo ziyenera kukagwera pamalo amodzi. Malenzi amenewa alibe zoom. Anthu amene anazolowera mapulojekita atsopano amaiwala zimenezi, n'kumaganiza kuti makina angaikidwe paliponse kenaka chithunzi n'kuchikuza ndi batani. Ayi. Mulifupi mwa sikirini yanu ndimo mumalamula pamene makina akhale, ndipo mtunda wake unalembedwa m'buku la makinawo. Tengani tepi muyeze musanaboole denga.

Mukawaika kutali kwambiri, mumakakamizika kuchepetsa chithunzi pankhope ya chubu kuti chikwane pa sikirini. Pamenepo mukugwiritsa ntchito kachigawo kakang'ono ka phosphor (utoto wa mkati mwa nkhope ya chubu umene umawala), kuwala kumachepa, mumakweza contrast, ndipo kachigawo kaja kamapsa msanga n'kusiya chipsera chabulawuni chimene sichichoka. Mukawaika pafupi kwambiri, ndiye zoopsa zenizeni. Mumakuza chithunzi mpaka chidutse malire a phosphor, mphamvu yojambula chithunzi n'kumamenya galasi la m'mbali mwa chubu. Galasilo limatentha malo amodzi, kenaka limang'aluka.

Pali nkhani ina imene imandiwawabe. Bambo wina anapeza makina a machubu a mainchi 8, ogwiritsidwa kale ntchito koma nkhope za machubu ake zili zoyera, zopanda chipsera. Makina otere savuta kuwakonda, ndipo masiku ano sapezeka wamba poti mafakitale analeka kuwapanga. Anawapachika pamene panali mtanda wolimba wa denga, osati pamene buku linanena, ndipo panali pafupi kwambiri ndi sikirini. Chithunzi chitachepa, anaitana munthu wokonza mawailesi, iye n'kungokweza size mpaka sikirini yonse itadzaza. M'makona munayamba kuda, chithunzi chikuoneka chodukaduka m'mbali. Chimenecho chinali chizindikiro choti chithunzi chatuluka pa phosphor, koma bamboyo anauzidwa kuti makina akale ndi mmene amachitira. Anapitiriza kuonera mafilimu mpaka tsiku lina chubu chobiriwira chinang'aluka. Chubu chikalowa mpweya, basi, palibe wochikonza. Chimene chimandipweteka n'chakuti kupewa kwake kunali kwa mphindi imodzi yokha: kutsitsa contrast, kusuzumira mu lenzi, n'kuona ngati chithunzi chasiya kampata kuzungulira nkhope ya chubu. Wokonza uja sanasuzumire n'komwe chifukwa sankadziwa kuti muli choti aone.

Tsono ndondomeko yake ndi iyi. Yatsani makina akhale akuonetsa chithunzi kwa mphindi 20 kapena 30 musanakhudze kanthu. Mukalinganiza makina ozizira, akatentha mizere imasuntha, inu n'kuyamba kuithamangitsa. Kenaka bwezani manambala onse a convergence ndi a kaumbidwe ka chithunzi pakati. Ambiri safuna kutero chifukwa amamva chisoni ndi ntchito ya usiku uja, koma manambala amenewo ndiwo akubisa vuto lenileni.

Zimitsani chofiira ndi chabuluu, mutsale ndi chobiriwira. Chili pakati, ndiye chimatsogolera zinzake. Onetsetsani kuti chithunzi chake chili pakati pa nkhope ya chubu, ndiponso kuti makinawo ayang'anizana ndi pakati pa sikirini, osapendeka. Ngati chithunzi chapita kumanzere, sunthani makinawo ndi manja, osati chithunzi ndi rimoti. Malenzi ambiri ali ndi posinthira pawiri, pena pa focus ya pakati, pena pa ya m'makona. Ngati pamwamba pakuoneka bwino koma pansi pali mbuu, imeneyo ndi nkhani ya kapendekedwe ka lenzi poyerekeza ndi chubu, chimene amisiri timati Scheimpflug. Makina ena ali ndi mabawuti ake, ena amagwiritsa ntchito timawashala. Palibe batani limene lingachotse mbuu umenewo.

Zikatero, chofiira ndi chabuluu zimafunika kupotoledwa pang'ono kuti ziloze mkati. Mumamasula mabawuti, n'kutembenuza chubu pamodzi ndi lenzi yake mpaka mzere wake woimirira wa pakati pa gridi (chithunzi choyesera cha mizere yopingasana) ugwere pa wobiriwira. Apa ndi pamene anthu ambiri amalumpha, ndipo ndi pamene pagona nkhani yonse. Mukasiya chubu chofiira chitaloza kumbali n'kuchikoka ndi convergence, bolodi ya convergence imayenera kukankha magetsi ambiri m'makoyilo a pakhosi pa chubu nthawi yonse imene makina ali oyaka. Zili ngati kuyendetsa njinga ya handulo yokhota: mufika ndithu, koma mikono ikulimbana nayo njira yonse. Bolodiyo imatentha, kutenthako kumasuntha mizere, ndipo ndicho chifukwa zimene munalinganiza dzulo lero zapatukana. Mukazisiya choncho kwa nthawi yaitali, bolodiyo imapsa.

Rimoti imabwera pamenepa tsopano. Wongolani chobiriwira chokha: kukula, keystone, pincushion, bow, skew (zowongolera kupendeka ndi kukhota kwa chithunzi), mpaka mabokosi a pa gridi akhale ofanana. Ayezeni ndi tepi pa sikirini, maso amanama. Ndiye muike chofiira pa chobiriwira, pambuyo pake chabuluu, kuyambira pakati kupita m'mbali. Convergence ya kadontho ndi kadontho ndi yomalizira, yongokonza titsalira ta m'makona. Mukaona nambala ina yayandikira kumapeto kwa mulingo wake, lekani, bwererani ku mabawuti. Chabuluu chikamaoneka chosathwa ngati zinzake musavutike nacho. Amisiri ambiri amachisiya dala choncho pang'ono kuti chitulutse kuwala kokwanira, ndipo diso la munthu silizindikira tinthu ting'onoting'ono mu mtundu umenewu. Pomaliza sungani zonse mu memory, podziwa kuti makinawa amasunga padera manambala a siginolo iliyonse. Zimene mwalinganiza pa 60Hz sizidzakhala zolondola mukaika chimbale cha 50Hz. Lembaninso manambalawo papepala.

Zonsezi munthu wodekha angazichite yekha, buku lili pambali. Chimene sindikufuna n'choti mulole munthu aliyense wonyamula sikuludiraiva kupotokola timapoti, tosinthira magetsi ta mkati mwa makina. Machubu amenewa amayendera mavoti opitirira 30,000, ndipo mphamvu ina imatsalira ngakhale mutazimitsa ndi kuzula pulagi. Wina akakweza mavotiwo poti chithunzi chiwale, chubu chingayambe kutulutsa ma X-ray opyola muyezo, inu ndi ana anu mutakhala pansi pake osamva kanthu. Timaginito ta pakhosi pa chubu natonso si toseweretsa. Munthu wosadziwa akatisokoneza, kadontho kojambula chithunzi kamasanduka kamzere, ndipo kubwezeretsa kwake ndi ntchito yaikulu kuposa kulinganiza konse kuja. Mmisiri akabwera, mufunseni kuti ayambira pati. Akatchula tepi ndi kusuzumira m'malenzi, mpatseni mpando. Akapempha rimoti asanayeze chilichonse, kapena akayamba n'kutsegula chivundikiro kufunafuna chopotokola, muimitseni. Ndipo pa zopachika padenga musanyengerere aliyense: G90 imalemera pafupifupi makilogalamu 110, mabawuti ake ayenera kugwira mtanda weniweni, osati siling'ibodi.

Chomaliza ndi madzi. Kutsogolo kwa chubu chilichonse kuli madzi oziziritsa a glycol. Akakalamba amachita nkhungu kapena timadontho tonga ndere, ndipo chithunzi chimachita mbuu umene focus singauchotse. Amenewo amatheka kukhetsa, kutsuka ndi kuthira atsopano. Koma mukaona kunyowa kapena kadontho koterera pansi pa lenzi, zimitsani makina tsiku lomwelo ndipo musawayatsenso mpaka mmisiri ataona. Glycol akadonthera pa bolodi amadya timizere ta mkuwa pang'onopang'ono, makina akugwirabe ntchito ngati palibe vuto, ndipo mabolodi a makina amenewa amangopezeka pogula makina ena akufa n'kuwaphwasula.