Madokotala oyamba a College of Medicine aja, anapita kuti?

Mkangano wake unayamba ndi chithunzi chabe. Wina anaponya pa WhatsApp chithunzi cha madokotala omwe anaphunzira limodzi zaka zoposa 30 zapitazo atakumananso, imvi mbuu, ena mimba zatuluka, ndiye m'bale wina kulemba kuti "theka la awa anathawa, tinawaphunzitsa ndi misonkho yathu akukachiza azungu." Basi moto buu mpaka usiku. Ine ndinangokhala chete chifukwa nkhaniyi ndi yakale kuposa mmene tinkaikambira.

Dziko lino lakhala likutumiza ana kunja kukaphunzira udokotala kuyambira kalekale. Daniel Malekebu anamaliza ku Meharry ku America mu 1917, anabwerera mu 1926 kudzatsegulanso mishoni ya PIM ku Chiradzulu. Kamuzu nayenso anadutsa ku Meharry komweko, kenako Edinburgh, koma iyeyo anachiza anthu ku Liverpool, London mpaka Kumasi, kuno anafika pa 6 July 1958. Ndiye mukamanyoza okhalitsa kunja muzikumbukira kuti dzina lili pa yunivesite ya zaumoyo lero ndi la dokotala amene anakhalitsa kunja kuposa onsewo.

Pamene zinatembenukira ndi m'ma 1986. Boma linali litatopa kutumiza ophunzira omwe ambiri samabwerera, ndiye panapangidwa pulani yoti sukulu ya madokotala ikhale konkuno, ndipo amene anaimenyera nkhondo kwambiri ndi Dr John Chiphangwi, dokotala wa amayi uja. Koma nyumba kunalibe, aphunzitsi kunalibe. Ndiye anachita mochenjera: ana oyamba anapita ku Britain kukayamba maphunziro, kenako ku zipatala za ku London, koma chaka chomaliza anauzidwa kuti mukamalizira kwanu. College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, iwo anafikira mmawodi a ku Gulupu, ndipo mu 1992 analandira digiri ya University of Malawi, osati ya ku Britain. Pamenepa ndi pomwe panali nzeru yonse, pepala lakwanu silikutsegulira khomo kunja msanga ngati la ku London.

Tangoganizani munthu wazolowera chipatala chomwe ukalemba mayeso a magazi zotsatira zimabwera tsiku lomwelo, akufika mu wodi ya TB zaka za m'ma 1990 Edzi ili pachimake, odwala ena pabedi ena pansi pa bedi pamphasa, magadiyani ali panja ndi mapoto awo, mankhwala otalikitsa moyo kulibe. Ma ARV aulere anayamba mu 2004. Zaka zonse zapakatizo anyamata ndi atsikana amenewa ankasayina zikalata za imfa za anthu amsinkhu wawo, ena anzawo a ku sekondale.

Chomwe chinawabalalitsa kwambiri sichinali mtima woipa ayi. Ukafuna kukhala katswiri wa maopaleshoni, wa ana kapena wa amayi, unkayenera kutulukanso, ku South Africa kapena ku Britain, chifukwa maphunziro a ukatswiri kuno anayamba mochedwa, m'zaka za m'ma 2000. Munthu wapita zaka zinayi zisanu, wakwatira, ana ayamba sukulu, malipiro akwawo akawawerengera m'mapaundi akungoseka yekha. Boma linadzawonjezera malipiro a azaumoyo ndi 52 peresenti mu 2005 ndi thandizo la Britain ndi Global Fund, koma ena anali atakhazikika kale.

Za mawu otchuka aja oti ku Manchester kuli madokotala a ku Malawi ambiri kuposa ku Malawi konkuno, musamawabwereze. A BBC anazifufuza mu 2012 napeza kuti sizoona. Anafala chifukwa amamveka bwino pamsonkhano wopempha ndalama basi. Komanso mbiri yomwe sukulu imalemba yokha ndimaiwerenga mosamala, imakonda kutchula akuluakulu ndi nyumba zomwe zinamangidwa, za mnyamata yemwe anapatsidwa chipatala cha boma lonse ali ndi zaka zosakwana 30, ambulansi imodzi yopanda mafuta, simuzipezamo kwenikweni.

Opita kunja ambiri amathandizadi, amatumiza zipangizo, amalipirira ana fizi, ena amabwera pa holide kudzachita maopaleshoni ulele, sindikuwachotsera. Kungoti amene anatsala ndi omwe anaphunzitsa magulu onse obwera pambuyo, kuwatenga kupita nawo ku Mangochi kukaphunzira zaumoyo wa m'midzi, kugona kuchipatala pa ntchito tsiku la Khrisimasi, ndipo mpaka lero kumudzi kukagwa maliro kapena matenda foni yoyamba imalira ndi yawo.

Mu 2021 College of Medicine inaphatikizidwa ndi Kamuzu College of Nursing nkukhala Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), moti sukulu yomwe yalembedwa pa madigiri awo kulibenso m'dzina limenelo. Pachithunzi paja ndinayesa kuloza kuti wotsala ndi uti, wopita ndi uti, ndinalakwitsa atatu.