Ndani kwenikweni anatulukira benitoite ku San Benito?

Benitoite ndi kamwala ka buluu kosowa kwambiri, ndipo ngati munakaonapo pa mphete kapena pa chithunzi pa intaneti dziwani kuti kanachokera pamalo amodzi basi, mgodi waung'ono wa m'mapiri a San Benito County ku California, m'dziko la America. Inde mwalawu unapezekakonso ku Japan ndi ku Arkansas, koma kumeneko ndi tizidutswa tosati n'kudula kuika pa mphete ayi. Mkati mwake muli barium, titanium, silicon ndi okosijeni, akatswiri amalemba kuti BaTiSi3O9. Nkhani ya mmene unapezekera ndiye ili ndi mkangano wake womwe sunathe bwinobwino mpaka pano.

Kumayambiriro kwa 1907 James Couch ananyamuka ku Coalinga, tauni yomwe nthawi imeneyo inali pa chipwirikiti cha mafuta, kukwera m'mapiri kukasaka miyala. Sankafuna za mphete iye, dera limenelo linkadziwika ndi mekyule, mgodi wa New Idria uli chapafupi pomwepo, ndiye aliyense wolowa m'tchire lija ankayang'ana mwala wofiira wa cinnabar, womwe umatulutsa mekyule, kapena kopa. Couch analibe ndalama zake. Masiku amenewo zinkayenda chonchi, munthu wandalama amakugulira kamba wa paulendo, zida, mwinanso hatchi, iwe n'kukavutika kuphiri, ndipo chomwe wapeza mugawana. Amene anamugulira Couch zimenezi anali Roderick Dallas, mwa ena. Chakumtunda komwe kumayambira mtsinje wa San Benito, Couch anaona timiyala ta buluu tangoti mbwee pansi, tina tikadali tomatirira mu mwala woyera, iye n'kuganiza kuti wapeza safaya kapena dayamondi wa buluu amene.

Apa ndi pomwe nkhani imagawikana. Pali anthu ena awiri, L. B. Hawkins ndi T. E. Sanders, omwe analowa mu nkhaniyi koyambirira komwe, ndipo lipoti loyamba la sayansi la mu 1907 linatchula awiriwa kuti ndiwo anapeza malowo. Abale a Couch sanavomere zimenezo, mwana wake Oscar anadzalemba kabuku patapita zaka zambiri kufotokoza kuti bambo ake anafika okha kaye pamalopo ndipo enawo anachita kuwalondolera. Lero mabuku ambiri amatchula Couch. Ine ndimaona kuti mbali ya Couch ikumveka, chifukwa pulofesa wolemba lipoti samakhala kuphiri tsiku lotulukira, amangolemba zomwe wauzidwa ndi amene afika pa ofesi yake kapena omwe ali ndi mapepala a malo, ndiye munthu amene anagona kutchire uja dzina lake limatsalira mosavuta. Komanso tisaiwale kuti pa nkhani ngati iyi dzina silongotchukira, amene wapeza ndiye amakhala ndi gawo mu mgodi, ndiye aliyense anali ndi chifukwa chokokera nkhani kwake.

Timiyalato titafika m'tauni anthu anasokonezeka nato. Wina anati ndi galasi la kuphiri lophulika, ena ankati safaya. Kamodzi kanafika ku Shreve & Company, sitolo ya zokongoletsera ku San Francisco, ndipo kuchokera kumeneko kanakafika m'manja mwa George Louderback, katswiri wa miyala pa University of California ku Berkeley. Iyeyu sanachedwe kuona kuti si safaya, chifukwa safaya ndi wolimba kufika 9 pa sikelo ya Mohs yoyezera kulimba kwa miyala, pomwe kamwala aka kakuthera pa 6 mpaka 6.5. Anauyeza bwinobwino n'kupeza kuti ndi mwala woti sunalembedwepo, n'kuutcha benitoite potengera dera la San Benito. Pa mwala womwewo panali timitengo takuda tonyezimira, iye anaganiza kuti nato ndi tatsopano n'kutitcha carlosite, koma kenako zinadziwika kuti ndi neptunite yemwe anali atapezeka kale ku Greenland, dzina lija linangofera pomwepo. Koma tina tating'ono tofiirira tinalidi tatsopano, timeneto ndi joaquinite.

Chomwe chinawasangalatsa kwambiri asayansi sichinali mtundu wa buluu ayi, chinali kapangidwe. Kalekale mu 1830 Johann Hessel wa ku Germany anawerengera masamu n'kupeza kuti makristalo onse angagwe m'magulu 32 okha, ndipo gulu lina mwa amenewa linakhala zaka zoposa 70 lili papepala pokha popanda mwala wodziwika bwino woliimira. Benitoite atabwera anakwana ndendende m'gulu limenelo. Mukagwira kristalo yabwino mudzaona kuti ndi yamakona atatu, yophwatalala, ngati mapiramidi awiri aafupi omatana kumsana, ndipo nthawi zambiri pakati pamakhala poyererako koma m'mphepete ndi mwa buluu.

Ukaudula bwino umathetheka moto wamitundumitundu, mphamvu yake yomwaza kuwala imafanana ndi ya dayamondi, kungoti buluu uja akachuluka amabisako motowo. Ndiye pali kena kovutitsa odula, mwalawu ukauyang'ana mbali ina ndi wa buluu wamphamvu koma ukautembenuza umaoneka ngati wopanda mtundu, choncho wodula amayenera kusankha, atsate mbali yotulutsa buluu ngakhale ataye mwala wambiri, kapena asunge kukula koma utuluke wotuwa. Ichi ndi chifukwa china chomwe ma benitoite odulidwa ambiri safika ngakhale karati imodzi (kamuyeso kakang'ono ka kulemera kwa miyala yamtengo wapatali), wopitirira makarati awiri ndiye ndi nkhani ya m'nyuzi kwa anthu a miyala. Ndipo mu mdima ukauunikira ndi nyale ya UV (kuwala kosaoneka ndi maso) ya mtundu wa shortwave umawala buluu wowala zedi, osaka amagwiritsa ntchito zimenezi usiku.

N'chifukwa chiyani pamalo amodzi okha? Barium ndi titanium sizikonda kukumana mu mwala umodzi. Ku San Benito kuli chimwala chachikulu cha serpentinite chomwe chinakankhidwa kuchokera pansi penipeni, kumene pansi pa nyanja pankalowa kunsi kwa mtunda wa North America, ndipo pokwera chinanyamula zidutswa za miyala ina monga blueschist. M'ming'alu ya chidutswa chimodzi chotero munkadutsa madzi otentha onyamula barium ndi titanium, benitoite ndi neptunite n'kumera m'makoma a ming'aluyo, kenako mwala woyera wotchedwa natrolite unabwera pomaliza n'kudzaza mpata wonse, kukwirira timiyala tonse tija. California ilinso ndi miyala ina ya barium yosowa, monga sanbornite wa ku Mariposa County ndi fresnoite wa ku Fresno County, koma imeneyo imangodziwika kwa osonkhanitsa miyala basi.

Natrolite uja ndi amene anateteza makristalo kwa zaka mamiliyoni, koma ndi amenenso anapweteketsa ambiri. Dallas atatsegula kampani yake ya mgodi mu 1907, anthu ake ankaphulitsa mwala ndi mabomba kenako n'kumagogoda ndi hamala ndi tchizulo kuti atulutse ta buluu tija, ena ankachita kuphwanya ndi makina opanira. Tangoganizani, mwala wolimba 6.5 yokha, wokwiririka mkati moti sukuuona pomwe wathera, iwe n'kumamenya ndi hamala. Makristalo abwino ambirimbiri anasweka choncho. Zomvetsa chisoni n'zakuti njira yosavuta inalipo, natrolite amasungunuka mu asidi wa hydrochloric pomwe benitoite asidiyo samukhudza, ungoviika chimwalacho n'kudikira, choyera chija chimasanduka ngati phala n'kumachichotsa pang'onopang'ono, ta buluu ndi takuda tija n'kutulukira tili bwinobwino pamalo pake. Zimatenga masiku kapena masabata, ndiye kwa anthu ofuna ndalama za msangamsanga mwina zinkaoneka zotaya nthawi. Kampani ya Dallas sinakhalitse, patangotha zaka zochepa ntchito inaima, msika wa mwala woti anthu sakuudziwa unali wovuta ndipo malowo ndi akutali zedi.

Mgodiwo unakhala choncho, wina kubwereka pang'ono wina kusiya, mpaka mu 1967 pomwe Elvis "Buzz" Gray ndi Bill Forrest anaubwereka kwa banja la Dallas, pambuyo pake anadzaugula. Awiriwa ndi amene anagwira ntchito yaikulu, ankakumba nyengo yomwe madzi alipo, kutsuka dothi ndi kusefa, ndipo miyala yambiri yomwe ili m'mamyuziyamu ndi m'manja mwa anthu lero inadutsa mwa iwowa. Mu 1985 boma la California linakhazikitsa lamulo loti benitoite ndiye mwala wamtengo wapatali woimira dera lawo, apa ndiye mtengo unayamba kukwera chifukwa aliyense wa kumeneko ankafuna kake. Kampani ina ya ku Colorado inadzatenga malowo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, inakumba ndi makina akuluakulu n'kuona kuti mtsempha weniweni wa benitoite mu thanthwe watha, ndipo pofika 2005 kukumba kwa malonda kunatsekedwa.

Dera lozungulira nalo lili ndi vuto lake, serpentinite yemwe uja ali ndi asibesitosi wachilengedwe, moti mu 2008 Bureau of Land Management, nthambi ya boma yoyang'anira malo, inatseka malo a Clear Creek ozungulira mgodiwo kwa anthu wamba kwa zaka zingapo poopa fumbi lake. Mwini watsopano wa mgodi anasintha bizinesi, m'malo mokumba yekha anayamba kulipiritsa alendo kuti azisefa okha dothi lochokera ku mgodi, kutsuka, kenako kukaunika ndi nyale ya UV m'chipinda chamdima, chomwe wapeza n'chako. Ambiri amatola tizidutswa tosweka tating'ono kwambiri, koma apo ndi apo wina amatola koti n'kudulika.