Mbiri ya apilo ya summary judgment ku America

M'makhoti a boma lalikulu ku America, wosumiridwa angathe kupempha woweruza kuti agamule mlandu mboni zisanaitanidwe, ponena kuti pa zomwe zidachitikazo palibe chokanganirana. Pempholi amalitcha summary judgment, ndipo lili mu Rule 56 ya malamulo oyendetsera milandu omwe adayamba kugwira ntchito mu 1938. Woweruza akalikana, lamulo lakale limati munthu adikire kaye, apilo idzabwera mlandu ukatha.

Khomo lidatseguka pang'ono mu 1985 pa mlandu wa Mitchell v. Forsyth. John Mitchell, mkulu wa zamalamulo m'boma la Pulezidenti Richard Nixon, adalamula zomvetsera mafoni a anthu popanda chilolezo cha khoti. Supreme Court, khoti lalikulu koposa m'dzikolo, idati wantchito wa boma amene akuti lamulo limamuteteza kuti asazengedwe n'komwe achite apilo nthawi yomweyo, poti akadikira ndiye kuti wazengedwa kale. Mu 1995, pa Johnson v. Jones, adachepetsa mwayiwo: ngati mkangano uli pa kuchuluka kwa umboni, adikire basi.

Nanga mlandu ukatha? Mu 2011, pa Ortiz v. Jordan, khoti lidati mboni zikalankhula kale, mapepala a pempho lija alibenso ntchito pa nkhani ya umboni. Wodandaula ayenera kubwezanso mfundo yake pansi pa Rule 50, lomwe limalola kupempha woweruza kuti agamule yekha umboni ukaperekedwa. Makhoti ena a apilo ankachita zomwezi ngakhale mfundo itakhala ya lamulo lokha, ena ankakana.

Supreme Court idathetsa kusiyanaku pa mlandu wa Kevin Younger, yemwe adamenyedwa ndi asilikali a ndende ku Maryland akudikira kuzengedwa. Neil Dupree, mmodzi wa akuluakulu a ndendeyo amene Younger adawasumira, adapempha summary judgment ponena kuti Younger sadatsate kaye njira zodandaulira za m'ndende. Woweruza adakana, mlandu udazengedwa, Younger n'kupatsidwa madola 700,000. Maloya a Dupree sadabwereze mfundo ija, choncho khoti la apilo la Fourth Circuit lidakana kuimva.

Pa 25 Meyi 2023, oweruza onse a Supreme Court adagwirizana, Amy Coney Barrett ndi amene adalemba chigamulo: mfundo ya lamulo siisintha chifukwa mboni zalankhula, ndiye kuibwereza n'kutayitsa woweruza nthawi. Zomveka ndithu. Koma malire a lamulo ndi umboni saoneka bwino nthawi zonse, n'chifukwa chake loya wochenjera amabwerezabe. Ngakhale pa Dupree yemweyo, funso loti mfundo yake ili mbali iti adalibweza ku Fourth Circuit.